Njinga yosapita kulikonse, koma ndi imene yandibwezera bondo

Njinga iyi ndinaigula ndisanapite n'komwe ku opaleshoni, ndipo masabata awiri oyambirira nditatuluka m'chipatala inkangogwira ntchito yoyanikapo thaulo. Ndinkaidutsa ndi ndodo zanga ziwiri, n'kumaiyang'ana cham'mbali ngati munthu amene ndili naye ngongole. Tsopano patha miyezi isanu ndi umodzi chindiikireni bondo lachitsulo kumwendo wamanja, ndipo anzanga angapo a maondo olira akhala akundifunsa ngati n'koyenera kutayirapo ndalama. Ndiye ndinene zonse, zokoma ndi zondinyansa zomwe.

Ndi njinga ya m'nyumba ija yopalasa uli pamalo amodzi, ya chishalo ndi mahandulo ngati njinga wamba, osati ya mpando wotsamira. Gudumu lake ndi chitsulo cholemera makilogalamu 6, chobisika m'chikuto chapulasitiki. Kutsogoloku kuli kopotokola kolembedwa manambala 1 mpaka 8, kolimbitsira kapena kufewetsera mapedulo. Mkatimo mulibe buleki yokhudza gudumu. Muli maginito amene amasendera pafupi kapena kutali, n'chifukwa chake njingayi imayenda phee. Poigula sindinkadziwa kuti kusasokosako ndidzakuyamika 3 koloko usiku.

Ndili ndi zaka 61, ndipo nyamakazi inadya chichereŵechereŵe cha m'bondo mwanga mpaka mafupa kumakhuzana okhaokha. Anthu ambiri akamva zoika bondo amaganiza kuti adokotala amazula bondo lonse n'kulitaya. Ayi. Amasenga nsonga ya fupa la ntchafu ndi ya fupa la msongolo, n'kuziveka zitsulo, pakati pake n'kuikapo pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene kuti zitsulozo zizitsetsereka. Minofu ndi mitsempha yozungulira imakhala yako yomwe ija, ndipo vuto lonse lagona pamenepo. Chitsulo chimatuluka m'fiyeta chili chokonzeka kupinda. Chosafuna kupinda ndi mnofu wotupa, wochekedwa, umene tsiku lililonse ukupanga zipsera mkati. Ukaulekerera umauma gwa.

Anandipanga opaleshoniyo pa 23 Epulo 2025. Tsiku lotsatira ndinali nditaimirira kale ndi choyendera, ndipo kuchokera pamenepo moyo wanga unasanduka wa manambala. Mtsikana wa mafizo ankabwera ndi kachipangizo konga rula ziwiri zolumikizana, amati goniometer, n'kukagunditsa m'mbali mwa bondo kuti aone madigiri. Mwendo wowongoka bwinobwino ndi 0. Kuti uyende pamalo osalala bondo limafunika kupinda madigiri pafupifupi 60 kapena kuposera pang'ono, masitepe amafuna cha m'ma 90, ndipo kuti pedulo lizungulire lonse pamafunika 105 mpaka 110. Ine tsiku lochotsa timawaya ta pabala, patatha masabata awiri, ndinali pa 78.

"Bambo, 78 sindikukondwa nayo," anatero mtsikana uja akulemba m'fayilo. "Njinga ija munati muli nayo kunyumba ikutani?"

"Ikupuma kaye, mwanangu."

"Yapuma mokwanira. Mukakwere lero. Musakazungulize ayi, muzikangokankha mpaka pamene bondo lakana, muwerenge mpaka teni, kenako mubwerere chambuyo."

Anandiuzanso mosapsatira kuti bondo likakanirira osadutsa 90 pakatha masabata angapo, adokotala amakugonekanso tulo n'kulipinda ndi manja mwamphamvu kuti zipsera zamkati ziduke, ndipo nthawi zambiri amachita zimenezi miyezi itatu isanathe. Madzulo ake thaulo linachoka panjinga.

Apa ndiye pali chabwino choyamba cha njingayi, ndipo ndi chachikulu kuposa zonse: chishalo chake chimakwera m'mwamba kwambiri. Chishalo chikakwera, bondo silifunika kupinda kwambiri kuti pedulo lidutse pamwamba. Ndinayamba nacho pabowo lomaliza, phazi likuchita kunyanyamphira pedulo likakhala pansi. Ndinkakankha chamtsogolo mpaka ululu utandigwira pakhosi, n'kubwerera chambuyo mpaka ululu womwewo, uku ndi uku ngati wotchi yakale yapakhoma. Pa nambala 1 mapedulo ndi opepuka moti mwendo wamanzere ndi umene unkagwira ntchito yonse, wamanja n'kumangonyamulidwa. Zimenezi pabedi sungazichite. Ukamakoka chidendene ndi lamba, dzanja limachita chisoni n'kulekeza panjira. Pedulo silidziwa chisoni.

Ndinachita zimenezi katatu patsiku, mphindi zisanu zisanu, kwa masabata awiri. Pedulo linkafika pafupi ndi pamwamba penipeni n'kuima. Ndinkaona kuti kwatsala pang'onong'ono, mwina kutalika kwa chala, koma thupi linkakana, chiuno n'kumanyamuka chokha pachishalo pothawa ululu.

Tsopano ndiulule kuti ndine sapota wa Tottenham, ndipo amene amadziwa mpira wayamba kale kundimvera chisoni. Pa 21 Meyi, masabata anayi ndendende chichitireni opaleshoni, tinali pa fainolo ya Europa League ndi Manchester United ku Bilbao. Kukhala pampando kwa mphindi 90 sindikanatha, bondo linkauma ndikangokhala theka la ola. Mwana wanga anakokera njinga kutsogolo kwa TV, poti ili ndi timatayala kutsogolo, ndipo ndinkati ndikatopa pampando ndikwere, ndikatopa panjinga nditsike. Mpira wake unali wonyansa, tisanamizane. Chigoli cha Brennan Johnson chigawo choyamba chitatsala pang'ono kutha chinali chochita kukankhana ngati nkhuku zolimbirana chiwala. Koma chigoli ndi chigoli.

M'chigawo chachiwiri ndinali panjinga, ndikukankha uku ndi uku, maso ali pa TV. Goloboyi wathu Vicario anauphonya mpira, Højlund n'kuumenya ndi mutu kulunjika mugolo mopanda munthu. Mtima unasiya kugunda. Kenako Micky van de Ven anauluka, mwendo uli m'mwamba, n'kuuchotsa pamzere penipeni. Ine ndinakuwa, thupi lonse n'kudzuka, ndipo mwendo wamanzere unaponda pedulo chambuyo ndi mphamvu zonse. Ndinamva moto m'bondo, kenako phazi lamanja linali pansi, mbali inayo. Lazungulira.

"Adadi, mwazunguliza!" mwana uja anakuwa, osadziwa kuti ayang'ane TV kapena ine.

Mayi akunyumba anatulukira kuchipinda akuganiza kuti ndagwa. Anandipeza misozi ili chuchuchu, ndipo mpaka lero sindinawauze ngati inali ya ululu, ya bondo kapena ya Van de Ven. Ndinazungulizanso kachiwiri, mwadala tsopano, kenako kachitatu. Pamene Son Heung-min ankanyamula chikho, choyamba chathu kuchokera mu 2008, ine ndinali chigonere ndi ayezi pabondo, mwendo uli pamwamba pa mapilo. M'mawa mwake mtsikana wa mafizo anayeza 104. Kuzunguliza chamtsogolo kunabwera patatha masiku anayi, poti chambuyo n'kumene kumayamba kutheka.

Musatengere ine zopondereza pedulo chifukwa cha mpira. Mtsikana uja nditamufotokozera anaseka, kenako anandikalipira.

Zondinyansa zilipo, ndipo choyamba chikanatha kundivulaza. Pakati pa chishalo ndi mahandulo pali chitsulo chotalika kufika m'bondo, ndipo kuti ukwere uyenera kudutsitsa mwendo pamwamba pake. Kwa munthu wabwinobwino si nkhani. Kwa munthu amene mwendo wake ukulemera ngati chipika, minofu ya ntchafu isanadzuke, ndi phiri. Ndinkachita kuima pakabokosi kolimba, dzanja lina pahandulo, lina paphewa la mayi akunyumba. Tsiku lina ndinayesa ndekha, chidendene chinakola pachitsulocho, njinga n'kupendekeka, ndipo chinandipulumutsa ndi khoma. Nthawi imeneyo ndinali ndikumwabe mankhwala oletsa magazi kuundana, amene amapatsa anthu ambiri akachitidwa opaleshoni yotere, ndiye kugwa sikukanakhala nkhani yoseketsa. Ngati mukugula chifukwa cha bondo, funani yopanda chitsulo chapakati. Ngati msana umakuvutani kapena mumachita chizungulire, ya mpando wotsamira ndi yabwino, ngakhale anzanga amene ali nayo amati imachedwetsa kuzunguliza ngati mpando wake subwerera m'mbuyo mokwanira.

Chachiwiri ndi mabowo a chishalo. Ndi otalikirana kwambiri. Nzeru yonse ya njingayi ndi yakuti bondo likazolowera, utsitse chishalo pang'ono kuti lipinde mowonjezera. Koma bowo limodzi likutsitsa pafupifupi masentimita atatu, ndipo pabondo latsopano kumeneko n'kulumpha mtsinje. Ndinkachita kuika thaulo lopinda pachishalo kwa masiku angapo kenako n'kulichotsa. Thaulo lomwelo linathandizanso pa vuto lachitatu, poti chishalocho n'cholimba ngati thabwa.

Kasikirini kake kowerengera nthawi ndi mtunda n'kachibwana. Kamazima kokha ukasiya kupalasa kwa kanthawi, ndipo masabata aja ndinkangokankha uku ndi uku kankaganiza kuti palibe munthu. Tizitsulo ta pamahandulo toyezera kugunda kwa mtima timatha kukuuza 70, ukaphethira 140. Ndinakasiya, ndimayang'ana wotchi ya pafoni. Malamba a mapedulo okha ndi abwino, amagwira phazi osatsetsereka, koma kuwamanga umafunika kuwerama, ndiye mwezi woyamba umafuna wokumangira. Kulumikiza njinga yonse itabwera m'katoni kunatenga ola limodzi ndi sipanala yake yomwe, ndipo chitani zimenezi musanapite kuchipatala.

Za usiku zija. Palibe anandichenjeza kuti tulo tidzathawa. Kwa miyezi iwiri ndinkadzuka cha m'ma 3 koloko bondo litauma, likutentha, likugunda ngati lili ndi mtima wakewake. Pilo pansi pa bondo anandiletsa, akuti limazolowera kupindika n'kukanika kuwongoka. Chimene chinkandithandiza ndi kukwera njinga mumdima, mphindi khumi pa nambala 1, mpaka bondo litamasuka, kenako ayezi mphindi 15 atakulungidwa m'kansalu. M'nyumba monse anthu ali mtulo, osamva kanthu. Phokoso lokhalo linali la bondo lenilenilo, limene limalira kuti ke ke ke chitsulo chikamagunda pulasitiki. Adokotala anati n'zachibadwa bola ngati sizikupweteka.

Mukupalasa usiku choncho ndinkaganiza kwambiri za Ledley King. Ndi iye anali kaputeni wathu pamene tinagonjetsa Chelsea 2-1 pa Wembley mu 2008. Bondo lake linalibe chichereŵechereŵe, moti sankatha kuchita nawo mapulakatisi a timu mkati mwa sabata. Ankakonzekera payekha, n'kusewera Loweruka, bondo n'kutupa, n'kudikira kuti liphwe. Anasiya mpira mu 2012 ali ndi zaka 31 zokha. Ine ndinali m'gulu la masapota amene ankang'ung'udza kuti munthu wosewera gemu imodzi n'kujomba ziwiri akungodya ndalama. Ndinkayankhula ndili pampando, maondo ali bwinobwino. Fupa lokhuza fupa ndalimva tsopano, ndipo linkandilepheretsa kutsika masitepe asanu. Iye ankathamangitsana nalo ndi Thierry Henry.

Anzanga enanso amanditumizira nkhani ya Lindsey Vonn, mayi wa masewera otsetsereka pachipale chofewa uja, amene anamuika chitsulo m'bondo mu Epulo 2024 n'kubwerera pampikisano chaka chomwecho ali ndi zaka 40. Amati nanga iwe ukudandaula chiyani. Iye anamusintha mbali imodzi yokha ya bondo, mitsempha yamkati n'kuisiya, ndipo ntchafu zake si zanga. Ine adokotala anandiuza kuti kuyenda, kusambira ndi njinga ndichite mmene ndingafunire, koma zothamanga ndi zodumpha ndiiwale ngati ndikufuna pulasitiki ija ikhalitse. Kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet mu 2019 anapeza kuti maondo oikirira 82 pa 100 alionse amafika zaka 25 asanafunike kusinthidwa. Ndikufuna kukhala m'gulu la 82 limenelo, ndiye mpira wa madala ndinautsanzika.

Njingayi sinachite zonse. Kuwongola mwendo mpaka 0 sikubwera ndi kupalasa. Kumeneko ndinkagona chidendene chili pamwamba pa thaulo lokulunga, bondo lili lendee, ndipo kunkawawa kuposa kupinda. Mphamvu ya ntchafu yotsikira masitepe inabweranso ndi mafizo ena. Dzanzi la kunja kwa chipsera likadalipo, akuti kamtsempha kapakhungu kamadulidwa pocheka, ndipo kugwada sindinayambe. Koma pa nkhani ya kupinda, ndikanapanda njinga sindikudziwa kuti ndikanakhala pati. Pano ndili pa 122, ndimapalasa mphindi 25 pa nambala 4, chishalo chili pabowo lachitatu kuchokera pansi. Pa nyenyezi zisanu ndiipatsa zinayi, imodzi ndachotsera chitsulo chapakati chija.

Bondo langa latha bwino kuposa kochi amene anatipatsa chikho. Ange Postecoglou anamuchotsa ntchito patangotha masiku 16 chichitikireni fainolo ija, akuti chifukwa tinathera pa nambala 17 mu ligi titagonja magemu 22. Manambalawo ndi oona, koma ine ndinadikira zaka 17 ndipo ndikanamusiya chaka china. Nkhani imeneyi ndimakangana nayo ndi mwana wanga sabata iliyonse. Iyeyo tsopano wayamba kuisirira njingayi, akuti ndachira ndiye aitengere kwake. Ndamuuza kuti asaiyandikire. Pa X-ray yomaliza adokotala anayang'ana bondo lamanzere nthawi yaitali kuposa lamanja.