MUBAS, MIJ kapena ABC: kophunzirira ntchito ya pa kanema

Mwana wa mchemwali wanga wakhoza bwino MSCE ndipo mtima wake uli pa ntchito ya pa kanema. Akufuna kukhala kumbuyo kwa kamera, kujambula ndi kuedita mapologalamu. Amayi ake anandiimbira foni usiku wina. "Achimwene, inu ndinu a ntchito yomweyi, mwanayu timutumize kuti?" Makolo ambiri amandifunsa funso lomweli, choncho ndalemba pano zimene ndinawayankha.

Ndiyambe ndi MUBAS (Malawi University of Business and Applied Sciences), imene ambirife timaitchabe Poly ngakhale inachoka pansi pa University of Malawi (UNIMA) mu 2021. Digiri ya utolankhani kumeneko imatenga zaka 4. Munthu amalowa kudzera m'masankho a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi ndi poyambira chabe, chifukwa olimbirana malo ndi ambiri. Wosankhidwa amapindula kawiri. Fizi ya sukulu ya boma ndi yotsikirapo, ndiponso angathe kupempha ngongole ya maphunziro. Zaka zinayizo amaphunzira kulemba, kufufuza nkhani mozama, malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu, komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku boma lija linayamba kugwira ntchito mu 2020. Sukuluyi ilinso pamalo abwino: MBC ndi Times zili mu Blantyre momwemo, mtunda woti wophunzira wakhama n'kuyenda wapansi kukapempha atachimenti. Koma kholo lidziwe kuti digiriyi ndi ya utolankhani wonse, wa nyuzipepala, wa wailesi ndi wa kanema. Kanema ndi gawo limodzi chabe la mtolowo.

Ku Zomba, UNIMA ili ndi maphunziro a Media for Development komanso wailesi ya Chanco Community Radio. Amenewa amamukomera kwambiri munthu wofuna kudzagwira ntchito ya mauthenga a zaumoyo, ulimi ndi chitukuko m'mabungwe.

MIJ (Malawi Institute of Journalism) njira yake ndi ina. Imapereka satifiketi ndi dipuloma, imapezeka ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo sudikira masankho a boma. Umalembetsa wekha, umalipira wekha, n'kumaliza msanga kuposa wa digiri. Ili ndi wailesi yakeyake, MIJ FM, kotero wophunzira amazolowera kuti nkhani ili ndi nthawi yake yomvekera pa mphepo ndipo siidikira munthu. Atolankhani ambiri amene ndagwira nawo ntchito anadutsa kumeneku, ndipo chimene ndimawakondera n'chakuti saopa kutumidwa kumsika ndi chojambulira mawu tsiku loyamba. Vuto limabwera patsogolo. Ntchito zambiri zolipira bwino, makamaka za ofalitsa nkhani m'mabungwe ndi m'makampani, zimafuna digiri. Wa dipuloma amayenera kudzabwerera m'kalasi, nthawi zambiri ali kale ndi banja ndi lendi yoti alipire.

African Bible College (ABC) ku Area 47 ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 1991, ili ndi chinthu chimene wofuna kanema ayenera kuchiganizira bwino: wailesi ya Radio ABC ndi wailesi yakanema zili pasukulu pomwepo. Ndi sukulu yachikhristu, ndipo maphunziro a Baibulo ndi mbali ya moyo wa wophunzira aliyense. Kwa mwana wokulira mu mpingo zimenezi n'zokoma, kwa wina zikhoza kumulemera. Fizi nayo ndi ya sukulu yoyima payokha, kholo liwerengere thumba lake kaye.

Tsono apa ndi pamene ndinakhalitsa ndi mchemwali wanga, chifukwa pepala lokha silinena zonse. Chaka china kuntchito kwathu kunabwera mtsikana wa atachimenti, wanzeru, wolemba bwino kuposa enafe. Tinamutuma kumsika kukacheza ndi amayi ogulitsa tomato za kukwera kwa mitengo. Anabwera ndi zithunzi zokongola, tomato wofiira ataunjikidwa pamiyulu, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula monga mmene buku limanenera. Titaika pa kompyuta, milomo ya mayi uja inkagwedezeka koma chomveka chinali mphepo ndi hutala ya minibasi. Sanavale mahedifoni pojambula, ndipo maikolofoni anaisiya pa kamera m'malo moipana pa bulauzi ya mayiyo. Analira, ndipo ine zinandikhudza, chifukwa kulakwa sikunali kwake. Anandiuza kuti pa zaka zonse za maphunziro ake kamera anaigwira kangapo kokha, gulu lonse litaizungulira.

Mwezi womwewo tinali ndi mnyamata wina amene sanapite ku koleji iliyonse. Anaphunzirira kujambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo pa Adobe Premiere, pologalamu ya pa kompyuta yoeditira makanema, manja ake ankathamanga ngati akusenda mtedza. Tsiku lina anakonza nkhani ya kupolisi, n'kusiya nkhope ya mwana wa zaka 14 woganiziridwa kuba ikuoneka bwinobwino, pansi n'kulembapo kuti "mbava". Mkonzi anaigwira kutatsala mphindi zochepa kuti ipite pa mphepo. Malamulo salola kuonetsa mwana amene ali pa mlandu, ndipo munthu satchedwa mbava khoti lisanagamule. Palibe anamuuzapo zimenezo, chifukwa ku ukwati siziphunzitsidwa.

Anthu awiriwa ndimawakumbukira nthawi zonse ndikafunsidwa za sukulu. Kanema wa m'dziko muno ndi wamng'ono msinkhu. Television Malawi (TVM), imene pano ndi MBC TV, inayamba mu 1999, ndipo Times TV, Zodiak TV, Mibawa ndi Luntha ya ku Balaka zinabwera pambuyo pake. Nyumba zambiri zoulutsira sizingakwanitse kutumiza anthu anayi ku nkhani imodzi. Munthu mmodzi amanyamula kamera, amafunsa mafunso, amamvetsera mawu, madzulo n'kudzaedita yekha magetsi asanazime. Akufunika mutu wa mtsikana uja ndi manja a mnyamata uja m'thupi limodzi.

Ndiye ndinawauza achemwali motere. Mwanayu akasankhidwa ku MUBAS, apite osacheuka, chifukwa digiri idzamuteteza zaka 10 zikubwerazi, koma luso la manja akalisake yekha kunja kwa kalasi. Akapanda kusankhidwa, asakhale pakhomo chaka chathunthu akudikira masankho ena. MIJ si sukulu ya olephera, ndipo khomo la mature entry, lolowera ku yunivesite munthu atakula kale, limakhalapo kwa amene ali ndi dipuloma ndi zaka zogwira ntchito. ABC ndingaiike patsogolo kwa mwana amene akufuna situdiyo pafupi, ngati ndalama zilipo ndipo moyo wa kumeneko waulandira ndi mtima wonse. Sukulu ina iliyonse yoyima payokha imene ingakusangalatseni, yambani mwafunsa ku NCHE ngati maphunziro akewo ndi ovomerezeka musanalipire ngakhale kwacha imodzi.

Ndipo kulikonse kumene mungapite, musathere mu ofesi ya olembetsa. Pemphani kuona situdiyo ndi maso anu. Funsani wophunzira wa chaka chomaliza kuti makamera ogwira ntchito alipo angati, amagawana anthu angati, ndiponso ngati amaloledwa kutuluka nawo Loweruka. Mufunseni akuonetseni pa foni pologalamu imene anajambula ndi kuedita yekha.

Pamene tikudikira masankho, mwanayu ndamupezera malo kwa mnzanga wojambula maukwati. Loweruka lililonse amanyamula tripod yoimikapo kamera ndi kusunga mabatire. Pa laputopu yakale ya amayi ake ndamuikira DaVinci Resolve, pologalamu yoeditira makanema ija yaulere, ndipo ndamulamula kuti asajambule munthu aliyense akuyankhula asanavale mahedifoni.