Zimbale za DVD kapena mafilimu a pa intaneti: yankho langa kwa amene mumandifunsa

Anzanga angapo kuno ku Zomba akaona shelefu yanga ya zimbale amafunsa funso limodzimodzi: akulu, mukusungiranji ma DVD pamene mafilimu onse ali pa intaneti? Ena amafunsa mongoseka, koma ena agula TV ya smart ndipo akufunadi kudziwa ngati makina akale aja awapereke kumudzi. Ndiyankhe kamodzi pano.

Za kuwala kwa zithunzi sindichedwapo. Intaneti ikakhala yamphamvu imaposa DVD, ndipo Blu-ray, chimbale chamakono chonyamula zambiri kuposa DVD, imaposa zonse ziwiri. Pa TV yaing'ono imene ambiri tili nayo pabalaza, kusiyana kwake si kokanganirana.

Nkhani yagona pa bandulo. Mtengo umene makampani a mafilimu amalemba pa mwezi ndi wongolowera pakhomo basi. Mukalowa, filimu iliyonse mumailipiranso kwa a netiweki, ndipo malipiro achiwiriwa ndi amene amapweteka. Netflix, imodzi mwa makampani amenewa, imanena yokha kuti ola limodzi limadya pafupifupi 1 GB pa zithunzi zapakatikati, kufika 3 GB pa zithunzi zowala za HD, ndi 7 GB pa zowala koposa za 4K. Werengerani nokha. Filimu ya maola awiri pa HD ikhoza kudya 6 GB, pamene chimbale wamba cha DVD chimanyamula 4.7 GB yokha. Sewero la zigawo 10, chilichonse cha ola limodzi, likhoza kufika 30 GB. Mukalikonda n'kufuna kulionanso, mulipiranso kuyambira pachiyambi.

Ine zinandiwawa nthawi ya tchuthi, ana a mlongo wanga atabwera kudzacheza. Ndinali nditalembetsa ku kampani ina ya mafilimu a pa intaneti, n'kugula bandulo yoti itifikitse kumapeto kwa mwezi. Makinawo amadzisankhira okha zithunzi zowala kwambiri akaona kuti netiweki ili bwino, ndipo chigawo china chikatha, chotsatira chimangoyamba chokha popanda wochiuza. Anawo amagona katuni ikusewera. Sabata isanathe, bandulo inali itapita. Ndiye mwana mukumudziwa, katuni imodzimodzi amaionera m'mawa, masana ndi madzulo osatopa. Pa chimbale kubwereza koteroko ndi kwaulere. Pa intaneti kuli ngati kukwera kabaza: ngakhale msewu ukhale womwewo wa dzulo, ulendo uliwonse mumalipira. Malo ochepetsera kudya kwa bandulo alipo ndithu, koma anawabisa mkati mwa ma settings, ndipo polembetsa palibe amene amakuuzani.

Wina anena kuti ingopangani download usiku pa bandulo yotchipa, kapena pa Wi-Fi ya kuntchito. Ana asukulu a ku Chanco okhala ku Chikanda njira imeneyi amaidziwa bwino, ndipo imathandizadi. Koma filimu yotsitsa mu app si yanu. Ina imatha mphamvu pakangopita maola 48 chiyambireni kuionera, ndipo mukasiya kulipira pamwezi, zonse zimatsekeka ngakhale zili mufoni yanu yomwe. Palinso mafilimu amene amangochoka pamndandanda chifukwa mgwirizano wa kampaniyo ndi eni filimu watha. Mumati ndionera Loweruka, Loweruka likafika mulibe.

Kenako pali dola. Netflix inafika m'Malawi mu Januwale 2016, pamene inatsegula m'mayiko 130 nthawi imodzi, koma malipiro ake ndi a ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako ndi 44% mu Novembala 2023. Mtengo wa m'madola ukhoza kukhala womwewo, koma umene ukuchoka m'thumba mwanu wakwera. Ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku, khadi la kubanki nalo limakana nthawi zina, ndalama zili momo. Langa linakanapo, ndipo kubanki anangondiuza kuti ndiyesenso mawa. Za DStv mukuzikumbukira: mu Ogasiti 2023 MultiChoice, kampani ya DStv, inalengeza kuti ikuichotsa m'dziko muno itasemphana pa mitengo ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira mawailesi, ma TV ndi mafoni, n'kudzabwerera mu Disembala. Imeneyo ndi ya dishi, si ya pa intaneti, koma inatisonyeza kuti chinthu cholipira pamwezi chikhoza kuzima pa mkangano umene inu simukuudziwa n'komwe.

Tsono musaganize kuti chimbale chilibe chilema. Chikakalika chimadodoma pamene filimu yafika pokoma, ndipo mankhwala otsukira mano amene anthu amapakapo sachiza chilichonse chakuya. Chinyezi cha ku Zomba kuno, makamaka nthawi ya mvula kwa amene muli m'munsi mwa phiri cha ku Mulunguzi, chimachititsa chuku m'mapepala a m'makontena ake, ndipo zimbale zobena n'zimene zimayamba kufa. Zobenazi ndiye vuto lenileni. Zimbale zambiri za pamsika ndi zokopera, mafilimu ambirimbiri atapanikizidwa pa chimbale chimodzi, zithunzi zake zosaoneka bwino, mawu kutsogolo milomo kumbuyo. Zimenezo sindikuziikira kumbuyo. Ndikamati chimbale ndikunena chenicheni, ndipo ngati ndi cha Amalawi anzathu, chikhale ndi chizindikiro cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, kuti mwini ntchito apezepo kangachepe.

Zenizenizo zikusowa. Dziko likuzisiya, ndipo Netflix yomweyo, imene inayamba ndi kutumiza ma DVD papositi ku America, inatseka ntchito imeneyo mu Seputembala 2023. Malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsera chimbale. Mukatuma m'bale kuti akugulireni kunja, samalani ndi manambala a zigawo, chifukwa makina ena amakana chimbale cha chigawo china: chimbale cha ku America ndi Region 1, cha ku UK ndi ku South Africa ndi Region 2, pamene Malawi ili mu Region 5. Mwayi wake, makina otchipa a m'mashopu athu ambiri amasewera zonse osafunsa. Amene amavuta ndi a mayina akuluakulu aja.

Pa magetsi, intaneti yapambana, ndivomere. Akathima, foni yotchaja bwino imakufikitsani kumapeto kwa filimu, pamene TV ndi makina a DVD zimafuna sola kapena inveta. Yapambananso pa zatsopano, chifukwa sewero limene latuluka sabata ino simungalipeze pa chimbale, ndipo ena satulutsidwa pa chimbale n'komwe.

Koma pocheza ndi anthu, chimbale n'chabwino. Mumabwereka mnzanu wa ku Matawale, iye n'kukupatsani chake, popanda pasiwedi kapena khadi. Makampani a pa intaneti kugawana akaunti sakukondwa nako, ndipo Netflix inayamba kukhwimitsa zimenezi m'mayiko ambiri mu 2023. Agogo kumudzi ku Jali kapena ku Mayaka chimbale amangolowetsa n'kudina batani limodzi. Sangalimbane ndi imelo ndi netiweki yodukaduka. Makwaya, masewero a m'Chichewa ndi mavidiyo a maukwati athu akale, ambiri sanafike pa intaneti, ndipo amene anafika ali pa YouTube, kumene bandulo imadyekanso chimodzimodzi.

Ndiye kwa amene mwagula TV ya smart, makina a DVD musawataye, ndipo mukapeza ena abwino otchipa gulani osungira chifukwa akusowa. Makatuni a ana ndi mafilimu amene mumawabwereza chaka ndi chaka akhale pa chimbale. Za pa intaneti lembetsani mwezi umodzi pamene pali sewero limene mukulifunadi, tsitsani zithunzi zifike zapakatikati, zimitsani kodziyambira kokha kuja, ndipo mukamaliza letsani malipiro tsiku lomwelo, chifukwa mwezi wotsatira amadula okha pakhadi osakufunsani. Amene muli ndi intaneti yopanda malire yolipiridwa ndi ofesi, inu zimbale mukhoza kundipatsa ine, ndidzazitenga ndekha kulikonse mu Zomba muno.