Norinco JW-15: ndemanga yanga patatha madzinja awiri

Ndimalima chimanga, mtedza ndi fodya pang'ono cha ku Chamama, ndipo chimene chinandigulitsa mabelo awiri a fodya kuti ndipeze mfuti ndi nkhanga. Tikangobzala mtedza ndi mvula yoyamba, zimatuluka ku dambo m'bandakucha, chigulu, n'kumafukula mbewu phando ndi phando. Ukamafika dzuwa litakwera umangopeza nthenga ndi timaenje. Akalulu nawo sasiya soya akangomera.

M'maganizo ndinali ndi mfuti ziwiri, zonse za .22 (nambalayi ndi kukula kwa chipolopolo, ndipo ichi n'chaching'ono) zokoka ndi bolt, chitsulo cholowetsera ndi kutulutsira chipolopolo: CZ ya ku Czech Republic ndi Norinco ya ku China. CZ ndinaigwira m'manja, ndi yokongola, koma mtengo wake unandibweza. Atsibweni anga, amene akhala ndi Brno yakale, mfuti ya .22 ya ku Czech komweko, chiyambire unyamata wawo, ndiwo anandilimbitsa mtima. Anati, "Mphwanga, ya ku Chinayo anakopera pa yangayi. Gula, ndalama yotsalayo ugulire zipolopolo zophunzirira." Ananena zoona, chifukwa JW-15 anaipanga potengera Brno, ndipo ukaziika pamodzi zimaoneka ngati mwana ndi bambo wake.

Zamapepala ndisazibise: zinanditengera nthawi kuposa kusankha mfutiyo. Chilolezo chokhala ndi mfuti chimachokera kupolisi, pomwe chiphaso chosakira mbalame n'cha ku nthambi yoona za nyama zakuthengo. Ndi mapepala awiri osiyana, ndipo lina sililowa m'malo mwa linzake.

Tsiku loyamba inandikhumudwitsa. Inabwera yodzaza girisi wolimba ngati phula, bolt ikumakhwekhwereza ngati muli mchenga. Ndinaichotsa, n'kuitsuka ndi parafini ndi mswachi wakale, n'kuthira timadontho ta oyilo. Kuuma kwenikweni kunatha nditamaliza mabokosi anayi kapena asanu a zipolopolo 50. Lero ndimaikoka ndi zala ziwiri. Amene mukufuna mfuti yofewa kuchokera m'katoni, iyi si yanu.

Koma kulunjika kokha, ayi ndithu, sindingainamizire. Ndikagoneka mfutiyo pa thumba la mchenga, pa mamita 50, zipolopolo zisanu zimalowa malo osaposa bokosi la machesi. Pa nkhanga ndi kalulu n'zokwanira. Kupitirira apo chipolopolo cha .22 chimayamba kugwa msanga; pa mamita 100 chimatsika pafupifupi chikhatho chonse cha dzanja, choncho ine ndinadziikira malire a mamita 60 kapena 70. Ikakhala patali kuposa apo ndimaisiya ipite, chifukwa mbalame yovulala imakangofera m'tchire popanda woidya. Phokoso lake ndi lochepa, sikankha paphewa, ndipo nyama yake siidzaza timachaka ngati ya shotigani.

Pali zinthu zingapo zimene ndikanakonda wogulitsa akanandiuza. Sefute yake, kachitsulo kotsekera kuti mfuti isawombe mwangozi, imagwira mosiyana ndi mfuti zambiri: ukaikankhira kutsogolo ndiye watseka, ukaikokera kumbuyo ndiye yakonzeka kuwomba. Munthu wozolowera mfuti ina akhoza kusokoneza, ndiye zoloweretsani chala muli pakhomo mfuti ilibe kanthu. Za galasi loyang'anira ndinaluzapo ndalama. Ndinagula lotchipa pa shopu ina ku Lilongwe pamodzi ndi zomangira zazifupi, ndipo chogwirira cha bolt chinkagunda galasilo ndikamakoka, popeza pa mfuti za mtundu uwu chimakwera kwambiri. Nditasintha n'kuika zomangira zazitali zinatheka, koma galasilo linayamba kusochera lokha patangotha mwezi. Ndinalichotsa. Tsopano ndimagwiritsa ntchito tizitsulo tolunjikira tomwe tinabwera ndi mfutiyo, ndipo sindidandaula.

Mlungu wina zipolopolo zinayamba kumwazikana ndipo ndinkaganiza kuti maso anga ayamba kufooka. Atsibweni ataigwedeza anamva kuti khwekhwe. Masikuluwu omanga chitsulo ku thabwa anali atamasuka ndi mabampu a njinga yamoto pa msewu wathu wafumbi. Kungomanga basi, inabwerera mwakale. Vanishi wa pathabwa anayamba kusupuka dzinja loyamba lomwe, ndinapala n'kupaka mafuta a matabwa. Chitsulo chake chimachita dzimbiri msanga: mu February ndinaiika osapukuta nditabwera kumame, m'mawa mwake zala zanga zinali zitadindika pa mpope, zofiirira. Magazini ake, kabokosi koikamo zipolopolo, amalowa zisanu, ndipo chomaliza chimakakamira mwa apo ndi apo ndikagwiritsa ntchito zipolopolo zamphuno yobowoka.

Chimene ndikufuna anzanga alimi amve kwambiri ndi ichi: .22 si mfuti ya nguluwe. Mnansi wanga anabwera usiku wina akuti, "Achimwene, zandithera chinangwa, tiyeni ndi mfuti yanu ija." Ndinakana, ndipo anakwiya nane masiku angapo. Kachipolopolo kopepuka ka .22 sikangagwetse nguluwe pokhapokha mwamwayi, ndipo nguluwe yovulala mumdima imatembenukira munthu kapena galu. Nyama ngati imeneyo imafuna .303 kapena .308 m'manja mwa munthu wodziwa, komanso wokhala ndi chilolezo chake. Abale athu a kufupi ndi paki, chiyambire pomwe njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu mu 2022, ena amandifunsa ngati kamfuti aka kangaopseze njovu. Musayerekeze. Mukaikwiyitsa ndi inu mufe, ndipo lamulo la nyama zakuthengo lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 limafika zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa ngati njovu. Zimenezo n'zokauza a gemu.

Kuchepa kwa phokoso kusakunamizeninso kuti ndi choseweretsa. Chipolopolo cha .22 chikaphonya chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo pa nthaka youma ya mu October chimanjanja n'kulowera kwina. Ku dambo kwathu kumakhala ana oweta ng'ombe ndi amayi a m'madimba. Ine ndimabisala poti nkhanga zikhale pakati pa ine ndi chulu, kuti ndikaphonya dothi la chulucho ligwire. Popanda chulu kumbuyo sindiwomba. Kunyumba mfuti imakhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, bolt ndi zipolopolo pena.

Ndinachita mwayi kugula kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023. Kuchokera pamenepo zipolopolo zakwera ndipo zimasowa, moti ndikazipeza ndimatenga mabokosi awiri a mtundu umodzi, chifukwa ukasintha mtundu nako kulunjika kumasuntha pang'ono.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, imodziyo ndachotsera dzimbiri ndi magazini. Chaka chino mtedza wa kumunsi kwa munda, komwe ndinkabwereza kubzala kawiri, wamera wonse. Chotsatira ndikufuna magazini ena a CZ 452, omwe amalowa bwinobwino pa mfuti iyi, ndione ngati chipolopolo chachisanu chija chisiye kukakamira.