Nyenyezi zinayi: kamasindikiza bwino zitsanzo za mafonti, bola muone kaye setingi ya pulinta yanu

Kapulogalamu aka ndakagwiritsa ntchito kwa kanthawi ndithu ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona, makamaka kwa anzanga amene mumapanga timabuku, makadi, masatifiketi, malebulo ndi zina zomwe mapeto ake zimakakhala pa pepala. Ntchito yake ndi imodzi basi, mumakalozera foda momwe munaunjika mafonti (mitundu ya kalembedwe ka zilembo pa kompyuta) omwe munadawuniloda, iko nkukukonzerani mapepala a zitsanzo oti musindikize, fonti iliyonse ndi dzina lake pambali. Ntchito imeneyo kamaigwira bwino zedi. Nyenyezi yachisanu ndaigwira kaye chifukwa pali tinthu tomwe timanditopetsa.

Chomwe chinandikoka poyamba nchoti sikakukakamizani kuinstola fonti musanaione. Amene mumadawuniloda mafonti ambiri mukudziwa momwe zimakhalira, lero mwatenga khumi pa Google Fonts, mawa wina wakutumizirani zipi yodzadza, nde mukaziinstola zonse mndandanda wa mu Word umatalika mpaka kupeza fonti yomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kumasanduka ntchito ina. Apa ayi, kamawerenga mafayilo a mafonti mufoda momwemo, kaya ndi a .ttf kaya a .otf, ngakhale timafoda tamkati kamalowamo, mwasindikiza, mwasankha ziwiri kapena zitatu zomwe zakusangalatsani ndipo ndi zokhazo zomwe mumainstola. Ndikudziwa wina anena kuti Windows ili kale ndi njira yake, zoona, mukadina kawiri fayilo ya fonti pamatseguka kawindo kokhala ndi batani la Print ndi la Install, koma pamenepo mumasindikiza fonti imodzi pa ulendo umodzi komanso mawu a chitsanzo ndi omwe anaikidwa kalewo. A Mac ali ndi Font Book yomwe imasindikiza mitundu itatu ya malipoti, Catalog, Repertoire ndi Waterfall, ndiye iwowo mwina sangakafune kwenikweni. Ife ena ndi amene katithandiza.

Mapepala ake nawonso ndi amitundu itatu yangati yomweyo. Loyamba ndi mndandanda, mzere umodzi pa fonti iliyonse, mafonti ambirimbiri pa tsamba limodzi. Lachiwiri limatenga fonti imodzi nkubwereza chiganizo chomwecho kuyambira saizi yaing'ono ngati 6 mpaka 72 kutsika mmunsi. Lachitatu limayala zilembo zonse zomwe zili mu fontiyo m'timabokosi. Ine ndimayamba ndi loyamba kuti ndichotse zosafunika, kenako lachiwiri pa zomwe zatsala, lachitatulo ndimangolisindikiza ndikakhala ndi chikaiko.

Tsopano mwina mukufunsa kuti kuonongeranji mapepala ndi tona (inki yaufa ya pulinta ya laser) pomwe fonti ukuiona kale pa sikirini. Abale, sikirini ndi pepala nzosiyana kutali. Sikirini wamba ya kompyuta imaonetsa timadontho pafupifupi 96 pa inchi pomwe pulinta ya laser yamasiku ano imaika 600 kapena kuposa, komanso pa sikirini timakonda kukulitsa tsamba osazindikira nkomwe, ndiye kafonti komwe kamaoneka kokongola pa zumu ya 150 ukakasindikiza pa saizi 9 umangoona timizere tonyozoloka toti munthu wachikulire sangawerenge. Mafonti angati Bodoni ndi Didot ali ndi mizere ina yonenepa ina yopyapyala ngati tsitsi, pa mutu wa nkhani amaoneka apamwamba kwabasi koma pa pepala la masaizi lija mumaona ndi maso anu pomwe tiyopyapyalato tayamba kuduka, ndipo mukatembenuza kuti zilembo zikhale zoyera pa malo akuda ndiye zimafulumira kutsekeka. Pa pulinta ya inki vuto limakhala lina, inki imayenderera pang'ono pa pepala wamba ndiye timaenje ta mu e ndi a timadzadza. Kusankha fonti pa sikirini pokha kuli ngati kugula nsapato osaiyesa.

China chomwe pepalali limakuonetsani msanga nchoti saizi 12 si yofanana paliponse. Poyinti imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 72 a inchi, koma muyezo umenewu ndi wa malo onse omwe chilembo chapatsidwa, osati kutalika kwa zilembo zazing'onozo. Ikani Verdana ndi Garamond pa mzere woyandikana, zonse pa 12, muona Verdana ikuoneka yaikulu kwambiri ndipo chiganizo chake chikufika patali pomwe cha Garamond chathera panjira. Nzosadabwitsa poti Verdana anaipanga Matthew Carter mu 1996 kuti iziwerengeka pa sikirini. Pa ntchito ya kabuku kusiyana kumeneku ndi masamba enieni, fonti ina ikupatsani masamba 40 ina nkupitirira ndithu pa mawu omwewo, ndiye ndi bwino kudziwiratu musanayambe kuyala.

Mawu a chitsanzo mumalemba nokha, ndipo apa mpomwe ndimakakondera kwambiri. Musamangosiya chiganizo chachingerezi chomwe kamabwera nacho. Ine ndimaika mawu omwe ndikasindikizedi, kuphatikizapo ŵ ndi Ŵ, ng' ndi kachizindikiro kake, manambala onse, komanso zilembo zomwe zimasokoneza anthu: 1 ndi l ndi I pamodzi, 0 ndi O, rn pafupi ndi m. Chilembo cha ŵ chili m'gawo lotchedwa Latin Extended-A la Unicode, mndandanda wa zilembo za pa kompyuta, a ku Wales nawonso amachigwiritsa ntchito, koma mafonti ambiri aulere makamaka okongoletsa aja alibe. Mu Word simungazindikire msanga chifukwa ikasowa chilembo imakabwereka mwakachetechete ku fonti ina, nde pa sikirini zimaoneka ngati zili bho, mpaka mutayang'anitsitsa mpomwe mumaona kuti ŵ mmodzi yekhayo ndi wonenepa mosiyana ndi anzake kapena wakwera pang'ono. Kapulogalamu aka sikabwereka, pomwe palibe chilembo kamaika kabokosi kopanda kanthu, ndiye mukangoyendetsa chala pa tsamba mumadziwa pompo kuti iyi ndi iyi zituluke. Manambala nawo yang'anani, mafonti ena ngati Georgia ali ndi manambala okwera ndi otsika, 3, 4, 5, 7 ndi 9 amalendewera pansi pa mzere, m'ndime amakhala bwino koma pa tebulo la ziwerengero kapena pa nambala ya satifiketi ena sawafuna.

Koma nkhani yomwe ndikufuna muimvetse kwambiri ndi ya setingi ya pulinta, chifukwa mukapanda kuiona mutha kusindikiza tsamba lonama nkumaliweruza ngati loona. Tsamba langa lina linatuluka ndi mzere wolembedwa kuti Arial koma zilembo zake zinali za Helvetica. Kwa amene simunaziyerekezepo, onani R wamkulu, wa Arial mwendo wake umapita chopendekeka pomwe wa Helvetica umatsika pafupifupi choongoka, ndipo t wa Arial pamwamba pake ndi podula mopendeka pomwe wa Helvetica ndi pafulati. Vuto silinali la kapulogalamuka ayi, ndi momwe madilaiva ambiri a pulinta (mapulogalamu omwe amalumikiza kompyuta ndi pulinta) amagwirira ntchito. Mapulinta a laser amakhala ndi mafonti awoawo mkati, ndiye dilaiva ikaona fonti yomwe ili ndi mnzake wofanana nayo mu pulinta imangouza pulinta kuti gwiritsa ntchito yakoyo, kuti ntchito ipite msanga. Mu Windows pitani ku Printing Preferences kenako Advanced, pa madilaiva ambiri a PostScript ndi PCL (zinenero zomwe kompyuta imalankhulira ndi pulinta) mupeza mzere wa TrueType Font wokhala ndi zosankha ziwiri, Substitute with Device Font ndi Download as Softfont. Pa ntchito ya zitsanzo sankhani yachiwiriyo nthawi zonse, kuti kompyuta itumize fonti yeniyeniyo ku pulinta.

Mawu oti softfont amenewa, kutanthauza fonti yotumizidwa ku pulinta kuchokera pa kompyuta, ndi akale ndithu. HP inatulutsa LaserJet yoyamba mu 1984 ndipo kuti upeze mafonti ena umagula katiriji nkubaya mu pulinta, kenako LaserJet Plus ya 1985 ndi yomwe inabweretsa zotumiza mafonti kuchokera pa kompyuta kupita mu memore ya pulinta. Nthawi imeneyo fonti iliyonse inali chithunzi cha timadontho, saizi iliyonse fayilo yakeyake, yosindikiza choimirira ndi yosindikiza chogona nazonso zosiyana, ndipo ukazimitsa pulinta zonse zafufutika, uyambenso kutumiza. Chaka chomwecho cha 1985 Apple inatulutsa LaserWriter yokhala ndi PostScript ya Adobe, mmene zilembo zimasungidwa ngati mizere yoti ikhoza kukula kapena kuchepa osaonongeka. TrueType, mtundu wa mafayilo a .ttf aja, inabwera mu 1991 pa Mac nkulowa mu Windows 3.1 mu 1992. Ndiye ganizo loti pali fonti ya mu pulinta ndi fonti yotumizidwa likadalipo mpaka lero, kungoti labisika mkati mwa masetingi momwe ambiri sitifikamo. Ndikadakonda kapulogalamuka kakadaika kachenjezo kamodzi pa windo losindikizira kokumbutsa zimenezi, chifukwa munthu amene wangoyamba kumene sangaziganize. Mukafuna kudziwa mafonti omwe ali mu pulinta yanu, mapulinta ambiri a laser amasindikiza okha mndandanda wawo kuchokera pa menyu ya pa pulintapo, umalembedwa kuti PCL Font List kapena PS Font List, muusunge pamodzi ndi mapepala anu a zitsanzo.

Njira ina yozembera zonsezi ndi kutulutsa PDF kaye, poti kamatha kutero, ndiye mafonti amalowa mu fayiloyo. Ingodziwani kuti mafonti ena opanga ake anaikamo chizindikiro choletsa kuwaika mu PDF, amenewo sangalowe. Apa kanandisangalatsa chifukwa pansi pa dzina la fonti kamalemba ngati ili yoletsedwa, pamodzi ndi dzina la fayilo ndi vesheni yake. Dzina la fayilolo musalipeputse, mafayilo ambiri odawuniloda amabwera ndi mayina achidule osagwirizana ndi dzina la fonti, ndiye kasitomala akaloza pa pepala kuti ndikufuna iyi, inu mumangowerenga pansipo nkukaipeza osatsegula mafayilo mmodzimmodzi. Ndi njira yomweyo ndinapeza kuti mafonti ena ndinali nawo kawiri kapena katatu mavesheni osiyana, ena okhala ndi ŵ ena opanda. Za laisensi yeniyeni sikanena zambiri, werengani nokha kafayilo komwe kamabwera mu zipi, chifukwa fonti kukhala yaulere kudawuniloda sikutanthauza kuti mungaigwiritse ntchito pa zogulitsa. Zomwe zili pansi pa SIL Open Font License, monga zambiri za pa Google Fonts, zimaloledwa.

Zonditopetsa tsopano. Mafonti amtundu watsopano aja otchedwa variable, omwe anayamba ndi OpenType 1.8 mu 2016, fayilo imodzi imakhala ndi makulidwe onse kuyambira yopyapyala mpaka yonenepa kwambiri, koma kapulogalamuka kamangosindikiza kamodzi kokha ka pakati, ndiye kuti muone enawo mukuyenera kukatenga mafayilo osiyanasiyana omwe nthawi zambiri amakhala mu foda yolembedwa static. Imeneyi ndi yomwe yandilanda nyenyezi ija kwenikweni poti mafonti oterewa akuchulukirachulukira. Mafayilo a .woff ndi .woff2 kamangowadumpha osanena kanthu, ndikumvetsa kuti ndi a pa intaneti koma bwenzi kakunena kuti ndadumpha mafayilo akutiakuti. Mawu a chitsanzo omwe mwalemba sikawakumbukira mukakatseka, ine ndinachita kuwasunga mu Notepad nkumakopera nthawi iliyonse. Komanso kamayambira pa pepala la Letter, lomwe ndi lalifupi koma lotambalala pang'ono kuposa A4 ya mamilimita 210 ndi 297, ndiye mukapanda kusintha dilaiva imachepetsa tsamba kuti likwane, ndipo pa tsamba lomwe cholinga chake ndi kuona saizi yeniyeni kuchepetsa ngakhale pang'ono kumaononga zonse. Onetsetsani kuti mwasankha A4 ngati ndi yomwe ili mu thileyi, ndipo sikelo ikhale 100, osati Fit to page.

Mafonti akale a Type 1, aja a .pfb ndi .pfm, kamawerengabe, zomwe sindinayembekezere. Adobe inasiya kuwalola m'mapulogalamu ake mu January 2023, ndiye ngati muli ndi ntchito zakale zomwe munapangira mafonti amenewo mutha kusindikiza chitsanzo nkuchiika pambali pa mafonti atsopano kuti mupeze yolowa m'malo yoyandikira kwambiri.

Pa foda yaikulu kamachedwa kutsegula ulendo woyamba, musaganize kuti kafiliza, kapatseni mpata. Ndipo musadine Print muli pa pepala lachitatu lija mutasankha mafonti onse, fonti imodzi ngati Noto Sans ili ndi zilembo zopitirira chikwi ndiye ndi masamba ambirimbiri payokha, kapulogalamuka sikakuuzani chiwerengero cha masamba musanatumize. Sindikizani pa pepala lomwe mukagwiritsedi ntchito, ngati ndi khadi lonenepa kapena pepala lonyezimira yesani pomwepo chifukwa tona sakhala mofanana pa mapepala onse, ndipo lembani ndi cholembera pakona dzina la pulinta ndi mtundu wa pepala musanaike mu fayilo. Kwa opanga kapulogalamuka, ngati mumawerenga ndemangazi, chonde mu vesheni ikubwerayi tiikireni makulidwe onse a mafonti a variable pa tsamba limodzi komanso kaziwerenga masamba tisanadine Print, yachisanuyo ndidzabwera kudzaonjezera.