Matebulo olowana pa Foundry VTT patapita miyezi ndithu

Gulu lathu la Dungeons & Dragons, masewera a nthano amene aliyense amakhala munthu wa m'nkhani, limasewera pa intaneti Loweruka usiku, ena ali ku Kabwata, ena ku Matero, mmodzi ku Chipata. Woyendetsa nkhani ndine. Tinasamuka pa Roll20 kupita pa Foundry VTT, onse awiri mapulogalamu osewerera masewerawa pa intaneti, chifukwa cha matebulo a maere (mindandanda ya zinthu imene pulogalamu imasankhamo mwamaere) olowana, oti zotuluka m'tebulo loyamba zimaitana tebulo lina.

Pa Roll20 mukalemba [[1t[msika]]] mumapeza chinthu chimodzi cha m'tebulo la msika bwinobwino. Koma ngati m'chinthucho mwaikamo dzina la tebulo lina, limangotuluka ngati mawu wamba. Kuti liziyenda lokha pamafunika script, kapulogalamu kowonjezera, monga Recursive Tables, ndipo ma script amagwira kwa okhawo olipira akaunti ya Pro. Kwa ife amene timalandira makwacha, kutulutsa madola nthawi ndi nthawi si nkhani yaing'ono. Foundry, yomwe inatuluka mu 2020, mumagula kamodzi basi, ndipo mzere wa tebulo ukhoza kuloza tebulo lina popanda kuwonjezera chilichonse.

Chomwe ndatsimikiza ndi chakuti macro, kalamulo kamene mumalemba n'kumangodina kuti kagwire ntchito, izikhala yaifupi, nzeru zonse zikhale m'matebulo. Yanga ya kumsika imayamba ndi game.tables.getName("Msika").draw(), ndipo ndimaikamo displayChat: false kuti zidutswa zisamwazike pa chat. Kenako imazilumikiza kukhala chiganizo chimodzi chobwera kwa ine ndekha. Tebulo la Msika limasankha wogulitsa, la wogulitsa limasankha katundu, kenako mphekesera imene munthuyo wamva. Tsiku lina panatuluka mayi wogulitsa kapenta, mtengo wake wokwera kawiri, akunong'oneza kuti asodzi aleka kupita kunyanja usiku. Osewera anasiya ulendo wawo n'kuyamba kufufuza za kunyanjako, ndipo nkhaniyo inatidyetsa milungu ingapo. Ine ndekha sindikanaiganiza.

Pa tebulo la mphekesera ndinazimitsa Draw With Replacement, chisankho chobwezera m'tebulo chimene chatuluka, kuti imene yatuluka isabwerenso. Zimathandiza kwambiri, kungoti tebulo limatha, choncho macro imayamba yaona ngati mwatsala kanthu, ikapeza mulibe imalibwezeretsa. Chinanso, getName imafuna dzina lenileni, chilembo ndi chilembo. Mukangosintha dzina la tebulo, macro yafa. Matebulo amene ndimawakonza kawirikawiri ndimawaitana ndi UUID, chizindikiro chimene Foundry imapatsa tebulo lililonse, chomwe sichisintha.

Kuya kwake ndimalekezera pa matebulo atatu. Mukapitirira pamenepo zotuluka zimayamba kusagwirizana, msilikali wa mfumu akugulitsa tomato kumanda, ndipo nthawi imathera pofotokoza zosamveka m'malo mosewera.

Nkhani yovuta kuno ndi malaiti. Foundry imakhala pa laputopu yanga, ndiye ikazima kapena rauta ikatha moto, aliyense watuluka. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, damu lopangira magetsi, tonse tinaona mmene malaiti amapitira kwa maola ambiri. Roll20 pamenepa ili ndi mwayi, chifukwa masewera amakhala pa seva zawo. Ine ndinagula kabatire ka rauta, komanso matebulo akuluakulu ndinawasindikiza papepala kuti zikavuta tipitirize pa WhatsApp ndi madayisi enieni.

Amene muli ndi matebulo ochepa osalowana, khalani pa Roll20, palibe chokusamutsani. Koma ngati mumafuna msika wathunthu kapena mudzi wonse utuluke mukadina kamodzi, Foundry ndi yoyenera ndalama zake, bola mupeze kaye njira yosungira moto.