Ndemanga ya chikwama cha kamera cha lamba mmodzi: chaka chathunthu cha maulendo a banja ku Salima ndi ku Nkhotakota

Ndinagula chikwamachi chaka chatha m'sitolo ina ya ku Lilongwe nditatopa ndi kukulunga kamera m'chitenje n'kuiika pansi pa dengu la zakudya, kumene inkapezeka mochedwa nthawi iliyonse imene ana ankachita chinthu choyenera kujambulidwa. Ndine mayi wa ana atatu ndipo timakhala pafupi ndi boma la Salima. Pafupifupi mwezi uliwonse timapita kunyanja ku Senga Bay, pamene patchuthi cha sukulu timafika kumalo osungirako nyama a Kuti kapena ku Nkhotakota kumene kuli agogo awo a anawa. Ndemangayi ndikulembera makolo anzanga amene ali ndi kamera koma amaisiya kunyumba chifukwa cha vuto la kanyamulidwe.

Chimene chinandichititsa kusankha chikwama cha lamba mmodzi m'malo mwa chikwama cha kumsana cha malamba awiri ndi mwana wathu womaliza, amene pa nthawiyo anali asanakwanitse zaka ziwiri. Mayi wobereka mwana alibe msana woikapo katundu wina, ndipo ogulitsa amene ankandilimbikitsa kugula chikwama chachikulu sankaliganizira zimenezi. Chikwamachi lamba wake amadutsa paphewa limodzi n'kupingasa pachifuwa, kotero kuti mwana akakhala kumbuyo, icho ndimachikokera m'chiuno cha kutsogolo ndipo sichimukanikiza mwendo. Zipi yaikulu ili m'mbali, ndiye kuti ndimatsegula ndi dzanja limodzi n'kutulutsa kamera ndili chiimire, dzanja linalo litagwira mwana wachiwiri amene amakonda kuthamangira m'madzi. Pa mfundo imeneyi yokha ndikanachigulanso popanda kuganiza kawiri, chifukwa zithunzi zabwino za ana zimabwera mwadzidzidzi, ndipo munthu amene ayenera kuyamba watula katundu pansi amapeza mwana watembenuka kale.

Mkati mwake muli zigawo zitatu za siponji zimene zimamatidwa ndi kumatulidwa malinga ndi kukula kwa zipangizo. Kamera yanga ndi Canon EOS 2000D, imene imalemera magalamu pafupifupi 475 batire ndi khadi zili momwemo. Imalowa bwino m'chigawo chapakati lenzi ya 18-55mm ili pomwepo, ndipo kumbali kumatsala malo a lenzi imodzi yokha. Poyamba ndinaona ngati kuchepa kumeneku ndi vuto, popeza ndili ndi malenzi atatu, koma m'kupita kwa miyezi ndinazindikira kuti chikwamachi chinandiphunzitsa kusankha ndisananyamuke pakhomo, chinthu chimene ndinkalephera kale. Tikamapita kunyanja ndimangotenga ya 18-55mm, chifukwa imakwanitsa kujambula banja lonse litakhala pamkeka ndiponso nkhope ya mwana mmodzi akudya chambo chowotcha, ndipo malo otsalawo ndimaikamo kansalu kopukutira ndi botolo laling'ono la mankhwala a ana. Tikamapita koona nyama ndimawonjezera ya 55-250mm, yolemera magalamu 375, ndipo zonse pamodzi zimangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Ya 50mm, ngakhale ndi yopepuka kwambiri ndipo imajambula bwino madzulo kuwala kukachepa, ndimaisungira maphwando a pakhomo, popeza imafuna kuti wojambula aziyenda chobwerera m'mbuyo kuti anthu onse akwanemo, zimene sizitheka m'bwato kapena m'galimoto yodzaza.

Ku Kuti ndi kumene chikwamachi chinandisangalatsa kwambiri. Kumeneko anthu amaloledwa kuyenda pansi kapena panjinga pakati pa mbidzi ndi mphalapala, ndipo tinayenda maola pafupifupi atatu m'mawa wa mwezi wa Julayi. Ndinamanga lenzi yaitali pa kamera tisanatsike m'galimoto ndipo sindinaisinthenso mpaka titabwerera. Ichi ndikulangiza aliyense: kusintha lenzi panja pamene pali fumbi kapena mphepo ya mwera ndi kuitanira tizinyalala pa sensa, kachipangizo ka mkati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi, ndipo madontho ake amaoneka pachithunzi chilichonse chimene chili ndi thambo loyera. Chikwamachi chikakokeredwa kutsogolo chimakhala ngati kathebulo, ndiye ngati kusintha kuli kofunikadi, lenzi imodzi imatsamira mkati pamene inayo ikumangidwa, kamera itayang'ana pansi.

Pali zinthu zitatu zimene sizinandikhutiritse, ndipo chachikulu ndi zipi. Mchenga wa ku Senga Bay umalowa paliponse, ndipo patangotha miyezi inayi zipi ya m'mbali inayamba kulimba mpaka tsiku lina inakana kutseka tili pagombe, mwera ukuwomba ndipo mafunde akuwaza madzi. Ndinachita kuvundikira chikwama chonse ndi chitenje mpaka kufika kunyumba. Telala wina wa pamsika anaitsuka ndi kaburashi ka mano n'kuipaka kandulo, ndipo inayambanso kuyenda, koma kuyambira pamenepo ndimaichita zimenezi ndekha tikangobwera kunyanja. Opanga akanaika kansalu kophimba zipiyo, ngati kamene kamakhala pa majekete a mvula, vutoli silikanakhalapo. Tsopano sindiika chikwamachi pamchenga ngakhale kwa kanthawi kochepa. Chimakhala pathupi panga kapena pamwendo pa abambo awo a ana.

Chachiwiri ndi mtundu wake. M'sitolomo munali chakuda chokha, ndipo aliyense wodziwa kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala akhoza kumvetsa tanthauzo la kuyenda ndi nsalu yakuda padzuwa la masana. Chikwamacho chimatentha mpaka kamera kumveka yofunda m'manja, ndipo pamene lamba wadutsa pamasiya mzere wa thukuta pamalaya. Titapita ku nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, kumene bungwe la African Parks linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017, ndinaphunziranso kuti akashembe amakopeka ndi zinthu zakuda ndi zabuluu wodera. Tili m'mbali mwa mtsinje wa Bua ndinaona kuti ankazungulira ine kuposa ena onse, mpaka ndinakulunga chikwamacho ndi nsalu yoyererako. Amene mukufuna kugula, funsani chotuwa kapena cha mtundu wa khaki, ngakhale zitatanthauza kudikira katundu wina.

Chachitatu n'chaching'ono: lamba mmodzi amatopetsa phewa ulendo ukapitirira theka la tsiku, ndipo sasinthika kuti apite kuphewa linalo.

Za mvula ndilibe dandaulo. Pansi pa chikwamachi pali kathumba kobisika kokhala ndi chophimba cha pulasitiki yofewa, ndipo chinatithandiza mu Januwale pamene mvula inatipeza tili pa kabaza kuchokera kumsika wa Kamuzu Road. Ine ndinanyowa yense koma mkati munali mouma. Izi n'zofunika chifukwa makamera a mtengo wotsikirapo ngati yangayi sanapangidwe kuti azipirira madzi. Komabe chophimbachi si choti n'kudalira m'bwato, popeza kumbali yogunda thupi n'kotsegula. Tsiku limene tinawoloka kupita kuchilumba cha Namalenje ndinaika chikwama chonse m'jumbo yolimba n'kumanga kukamwa, ndipo kamera ndinaitulutsa titafika pamiyala. Ndiwonjezerenso kuti nyengo ya dzinja kuno kunyanja imakhala ya chinyezi chambiri, ndipo lenzi yosungidwa m'chikwama chotseka kwa masabata angapo imatha kuchita chuku mkati mwa galasi. Ine ndimaponyamo timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo kunyumba kamera imakhala pashelefu podutsa mpweya, osati m'chikwama.

Kathumba ka pamwamba n'kokwanira batire lachiwiri, khadi lina losungira zithunzi ndi kapampu kouzira fumbi. Batire limodzi limajambula zithunzi pafupifupi 500 ngati mukuyang'anira pa kagalasi ka diso, koma ana amafuna kuona chithunzi chilichonse pa sikirini akangojambulidwa, ndipo zimenezi zimalitha msanga. Komanso kumudzi kwa agogo kulibe magetsi oti n'kutchajira usiku. Kunja kuli timalamba tomangira tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, koma nditayesa kamodzi ndinaona kuti imakoka chikwama kumbali ndipo imagunda ana m'mutu ndikatembenuka m'minibasi. Chithunzi cha banja lonse timajambula poika kamera pamwamba pa chikwama chomwecho, pampando kapena pachitsa, n'kutchera masekondi 10 kuti nanenso ndithamangire pamzere.

Ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kwa munthu wojambula maukwati, amene amanyamula makamera awiri ndi fulashi, n'chaching'ono kwambiri ndipo asataye nacho ndalama. Kwa kholo lokhala ndi kamera imodzi ndi malenzi awiri, makamaka mayi wobereka mwana, n'choyenera, bola musanalipire muikemo kamera yanu m'sitolo momwemo, muchivale, ndipo muyese kutsegula zipi ndi dzanja limodzi.