Open Yale Courses: Maphunziro a Zolembalemba Otsegukira Aliyense

Munthu amene akufuna kuphunzira zolembalemba mozama, kaya ali kale ku yunivesite kaya mwayi wopitako unamuphonya, ayenera kudziwa za Open Yale Courses, maphunziro amene yunivesite ya Yale ya ku New Haven m'dziko la America inayamba kuika pa intaneti m'chaka cha 2007 mothandizidwa ndi bungwe la William and Flora Hewlett Foundation. Maphunzirowa ndi aulere ndipo safuna kuti munthu alembetse dzina. Chimene anachita n'kujambula aphunzitsi awo akuphunzitsa m'kalasi yeniyeni teremu yonse, kenako n'kuika kanemayo poyera pamodzi ndi mawu ojambulidwa, zonse zimene mphunzitsi wanena zitalembedwa, ndiponso ndondomeko ya mabuku oyenera kuwerengedwa.

Mbali ya zolembalemba ndi imene ndikuiyamikira kwambiri. Pulofesa Langdon Hammer amaphunzitsa ndakatulo zamakono za m'Chingerezi, Pulofesa Amy Hungerford amaunika nthano zazitali za ku America kuyambira 1945, pomwe Pulofesa Paul Fry amatenga wophunzira n'kumudutsitsa m'maganizo a akatswiri osiyanasiyana pa funso lakuti kuwerenga n'chiyani ndipo tanthauzo la nkhani limachokera kwa ndani, kwa wolemba, kwa wowerenga kapena m'mawu momwemo. Maphunziro a Fry ndi olemera ndithu, ndipo wongoyamba kumene asathamangire kumeneko. Ndingalangize kuti ayambe ndi a Hammer, chifukwa iye amaima pa mzere umodzi wa ndakatulo kwa nthawi ndithu, kuumva kalongosoledwe kake, kufunsa chifukwa chimene mlakatuli anasankhira liwu ili n'kusiya lina, mpaka womvera atazindikira kuti kuwerenga kwenikweni kumafuna kudekha. Luso limeneli ndi limene ophunzira ambiri amalisowa akamalemba zimangirizo zongobwereza nkhani m'malo moiunika, ndipo kuliona likuchitika pamaso pako kumaphunzitsa kuposa malangizo alionse olembedwa.

Zolembedwa za mawu a mphunzitsi zija ndi thandizo lalikulu limene anthu salilabadira mokwanira. Amene intaneti yake ndi yofooka angathe kuwerenga phunziro lonse popanda kutsegula kanema, ndipo amene Chingerezi si chiyankhulo chake choyamba angathe kubwerera pa chiganizo chovuta kangapo mpaka chitamveka.

Komabe, pali malire amene wophunzira ayenera kuwadziwa asanayambe, ndipo eni ake sawabisa. Maphunzirowa sapereka satifiketi kapena digiri, ndipo palibe mphunzitsi amene angayankhe funso lako. Pa sayansi kapena mbiri yakale vutoli lingapiririke, koma pa zolembalemba ndi lalikulu zedi, chifukwa kumvera mphunzitsi ndi gawo chabe la maphunziro amenewa. Gawo lina, limene yunivesite imapereka kwa amene ali m'kati mwake, ndi loti ulembe chimangirizo kapena nthano yako, wina aiwerenge mosamala, akusonyeze pamene mfundo yapunduka ndi pamene chiganizo chalemera popanda chifukwa, kenako ukalembenso. Palinso kukambirana m'kagulu kochepa, kumene maganizo ako amatsutsidwa ndi anzako amene awerenga buku lomwelo koma aonamo zina. Wolemba amakula pamene zolemba zake zakumana ndi maso a munthu wina, ndipo kanema, ngakhale atakoma chotani, sangawerenge tsamba lako. Pa chifukwa chimenechi, amene cholinga chake n'kupeka nthano kapena ndakatulo zakezake adziwe kuti pano aphunzira kuwerenga mwaluso, osati kulemba mwachindunji.

Chinthu china n'chakuti mabuku ambiri amene akukambidwa ayenera kupezedwa ndi wophunzira mwini. Ndakatulo zakale zimapezeka mosavuta, koma nthano za pambuyo pa 1945 zidakali zotetezedwa ndi malamulo a umwini wa zolemba, choncho popanda laibulale yabwino munthu angamvere mphunzitsi akuunika buku limene iye sanaligwirepo, zomwe phindu lake ndi lochepa. Ndiyeneranso kunena kuti maphunzirowa atsamira kwambiri pa zolembedwa za ku Ulaya ndi ku America, kotero wofuna kuzama pa alembi a ku Africa kapena ku Asia ayenera kukafunafuna kwina.

Amene angapindule koposa, m'kuona kwanga, ndi wophunzira amene ali kale pa yunivesite ndipo akufuna kumva mphunzitsi wachiwiri pa mutu umene waphunzira m'kalasi, popeza kusiyana kwa aphunzitsi awiri pa ndakatulo imodzi kumatsegula mutu. Amene akuphunzira payekha apeze anzake awiri kapena atatu, agwirizane za buku, aliyense amvere phunziro, alembe tsamba limodzi, kenako asinthane n'kudzudzulana moona mtima. Ngati akufuna maphunziro a pa intaneti okhala ndi kukambirana, ayesenso ModPo, maphunziro a ndakatulo amene Pulofesa Al Filreis wa ku University of Pennsylvania wakhala akutsogolera pa webusaiti ya maphunziro ya Coursera kuyambira 2012.